Mabwenzi Ndiwo Asenza Denga Makolo Akadwala

M'makomboni a mu Lusaka monga Mtendere, Matero, Chawama ndi Kalingalinga muli anthu ambiri a zaka za pakati pa 40 ndi 60 amene mtima umawagunda foni ikalira pakati pa usiku. Iwo adziwa kuti foni ya nthawi yotere kawirikawiri icokera kumudzi, ndipo uthenga wake susiyana kwambiri: amai agwa pobwera kucitsime ndipo dzanja limodzi silikugwira, kapena atate akana cakudya masiku atatu ndipo mau ao sakumveka bwino.

Anthu a msinkhu umenewu ali pakati pa mibadwo iwiri imene yonse iyang'ana kwa iwo. Panyumba pali ana, ena ali ku sekondale, ena ku koleji, ena anatsiriza maphunziro koma nchito sanaipeze ndipo akali kudya m'mbale ya makolo. Kumudzi kuli makolo okalamba amene mphamvu yogwira khasu inawathera. Pa nthawi yomweyo thupi la mwini wake layamba kudandaula. Maondo apweteka, maso afuna magalasi, ndipo anamwino a ku kiliniki anamcenjeza kale kuti BP yake yakwera.

Mwambo uphunzitsa kuti katundu wotere asenza ndi acibale, ndipo palibe amene atsutsa mau a akulu akuti cibale ndi fupa, siciola. Komabe pakati pa amai amene afika pa cipatala ca UTH nthawi yoona odwala, atanyamula mbale za nsima zomangidwa m'citenje, si onse amene ali acibale a wodwala. Ena ndi anzake a mwana wa wodwalayo: wa pa msika, wa ku chalichi, wa pa nyumba yoyandikana. Anthu amenewa sachulidwa pa msonkhano wa banja, koma popanda iwo mabanja ambiri akanagwa kale.

Abale anacepa bwanji

Kuti munthu amvetse cifukwa cake mabwenzi atenga malo akulu cotere, ayenera kukumbukira njira imene mbadwo uwu unadzera. Amene ali ndi zaka 50 lero anali anyamata ndi atsikana m'zaka za m'ma 1990, pamene matenda a AIDS anali kutenga anthu a msinkhu wogwira nchito m'mabanja osawerengeka. Mtsogoleri woyamba wa dziko lino, a Kenneth Kaunda, anaulula poyera mu 1987 kuti mwana wao anamwalira ndi matendawa, koma mankhwala otalikitsa moyo sanayambe kuperekedwa kwaulere m'zipatala za Boma kufikira mu 2005. Pakati pa zaka zimenezo, m'mabanja ena amene munabadwa ana asanu ndi awiri munatsala awiri kapena mmodzi cabe. Wotsalayo ndiye analera ana amasiye a abale ake, ndipo ndi yemweyo amene lero asamala kholo lokalamba popanda mkulu kapena mng'ono wogawana naye.

M'zaka zomwezo makampani ambiri a Boma anagulitsidwa kapena kutsekedwa. Kampani ya ndege ya Zambia Airways inatsekedwa mu 1994, ndipo migodi ya ZCCM inatha kugulitsidwa mu 2000. Anthu amene anali kuyembekeza nchito yokhazikika, nyumba ya kampani ndi penshoni anapezeka ali pa msika kapena m'mbali mwa mseu. Abale otsala anabalalika pofuna cocita, wina ku Solwezi, wina ku Nakonde, wina ku Johannesburg. Foni ingafike kwa onsewa, ndipo angatumize ndalama pa foni yomweyo, koma palibe mmodzi wa iwo amene angagogode pa citseko usiku umenewo. Wogogoda ndi mnzake wa pa nyumba yacitatu.

Usiku wa uthenga

Citsanzo comveka bwino ndi ca mai wogulitsa tomato ndi kapenta pa msika, amene amai ake ali ku mudzi wa ku Katete. Uthenga ukafika, iye alibe nthawi yolira cifukwa ayenera kuwerengera. Kucokera ku Lusaka kukafika ku Katete pa mseu wa Great East ndi makilomita pafupifupi 500, kudzera pa mlatho wa Luangwa, Nyimba, Petauke ndi Sinda. Pafunika ndalama ya basi, ya galimoto kapena ngolo yotengera wodwala ku cipatala ca St Francis, ya cakudya ca wodwazika, ndi ina yosiyira ana panyumba. Koma ndalama yonse imene mai uja ali nayo iri m'katundu wa pa thebulo lake, ndipo tomato sayembekeza munthu.

Apa ndi pamene ubwenzi uonekera. Mmodzi wa anzake atenga thebulo lija ndi kugulitsa pamodzi ndi lake, nalemba m'kabuku ndalama iri yonse yolowa. Wina atenga mwana wamng'ono kukagona kwao, naonetsetsa kuti yunifomu yacapidwa ndipo mwanayo wapita kusukulu. Wacitatu, amene mwamuna wake ali ndi galimoto, amperekeza ku siteshoni ya Intercity kusanace. Palibe amene aitana msonkhano kapena kugawa nchito, popeza ali yense adziwa cimene angathe.

Amaiwa saitanana ndi maina ao a ubwana. Aitanana amake uje ndi amake uje, monga mwa ulemu woyenera anthu a mabanja, ndipo kholo la mmodzi onse alichula kuti amai kapena atate. Motero pamene afunsa kuti amai agona bwanji, wodutsa sangadziwe kuti mwana weniweni wa wodwalayo ndi uti.

Cilimba ndi ngongole ya kaloba

Msana wa ubwenzi wotere kawirikawiri ndi cilimba. Kacitidwe kake ndi kodziwika: anthu okhulupirirana asonkha ndalama yofanana pa tsiku, pa sabata kapena pa mwezi, ndipo mmodzi atenga zonse, kufikira onse atalandira. Ngati amai 10 asonkha K200 ali yense pa sabata, wolandira atenga K2,000 pa nthawi imodzi, ndalama imene iye yekha sakanatha kusunga m'nyumba mokhala ana ndi zosowa za tsiku ndi tsiku.

Koma mphamvu yeniyeni ya cilimba si ndalamayo ai, ndi kusinthana malo. Mai amene anayenera kulandira sabata ino, ndipo anali atakonza kale zogula malata, avomera kuti wodwazikayo atenge, iye adzalandire pa malo a mnzakeyo patapita miyezi iwiri. Banki singacite zotere. Magulu ambiri asunganso kathumba kapadera ka matenda ndi maliro, ndipo ena analowa m'kacitidwe kosunga ndi kubwereketsana ndalama kamene anthu akuchula kuti village banking.

Munthu wopanda gulu lotere njira imene imtsalira ndi ya kaloba, kumene ciwongola dzanja cikwera mwezi ndi mwezi ndipo wobwereketsa atenga wailesi ya kanema kapena firiji monga cikole. Si acilendo mabanja amene kholo linacira koma katundu wa m'nyumba anapita. Cotero cilimba citeteza wodwala ndi wodwazika yemwe.

Kudwazika m'tauni

Matenda a ukalamba sakhala a sabata imodzi. Kholo likatuluka m'cipatala, mwana aona kuti sangalisiye lokha kumudzi, ndipo abwera nalo ku Lusaka m'nyumba ya zipinda ziwiri imene ndi yodzaza kale. Munthu amene anafa ziwalo mbali imodzi afunika kumtembenuza kawirikawiri kuti asacite zironda za pa mphasa, kumsambika, kumdyetsa pang'ono pang'ono, ndi kumpereka ku cipatala pa masiku oikidwa. Nchito imeneyi iribe Sabata ndipo iribe malipiro.

Pali ndi mbali ya mwambo. Mwana wamwamuna sasambika amai ake, ndipo mwana wamkazi acita manyazi kusambika atate ake. Ngati m'nyumba mulibe woyenera, amene alowa ndi mnzake wa mkazi wa panyumbapo, kapena bambo wacikulire wa ku chalichi. Ena abwera kudzakhala ndi wodwala masana amodzi cabe kuti wodwazika apite kumsika, kapena kuti angogona tulo. Thandizo lotere lioneka laling'ono kwa amene sanadwazikepo, koma kwa munthu amene sanagone bwino mwezi wathunthu liposa thumba la unga.

Caka ca 2024 cinayesa maubwenzi ambiri. Kaamba ka cilala cimene Mtsogoleri Hakainde Hichilema analengeza mu February caka cimeneco kuti ndi tsoka la dziko lonse, midzi imene inali kutumiza cimanga ku tauni inayamba kupempha unga. Magetsi anali kuzima maola ambiri kaamba ka kucepa kwa madzi ku Kariba, kotero kuti ometa, okonza tsitsi ndi ooceerera zitsulo anasowa makasitomala. Pa nthawi yotere onse anali osowa, ndipo anagawana zocepa zomwezo: mbale ya unga, malasha a pa mbaula, kapena malo m'galimoto yopita Kum'mawa.

Vuto lina limene licititsa mantha ndi la okalamba amene nzeru zao zayamba kusokonezeka. Gogo aiwala maina a ana ake, atuluka usiku nasocera, ndipo m'mawa apezeka pa khomo la eni ake osadziwa kumene ali. Madokotala adziwa kuti awa ndi matenda a ubongo obwera ndi ukalamba, koma khamu la anthu lithamangira kunena kuti agwira mfiti. Lamulo la dziko lino liletsa kuchula munthu kuti ndi mfiti, komabe apolisi asanafike, amene apulumutsa gogo wotere ndi mnansi amene amdziwa, amene aima pakati pa khamu ndi kunena kuti awa ndi amai a uje, ndi odwala. Mabanja anzeru auziratu anzao ndi anansi za matendawa m'malo mobisa.

Amuna sanena msanga

Pakati pa amuna nkhani iyenda mosiyana. Bambo angakhale ndi anzake pa nsolo kapena poonera mpira kwa zaka 20, akuseka ndi kukangana za matimu, koma osaulula kuti nchito inatha miyezi itatu yapitayo, kapena kuti usiku adzuka kasanu kukataya madzi ndipo aopa kupita kukapimitsa. Anaphunzitsidwa kuti mwamuna salira, ndipo ambiri afika ku cipatala matenda atakula.

Bwenzi lenileni la bambo wotere ndi lija lizindikira kuti mnzake wasowa pa nsolo masabata awiri, ndipo lipita kwao popanda kuitanidwa. Silifunsa mafunso ambiri. Limuuza kuti pali kaganyu kopenta nyumba ya wina, kapena linena kuti ilo lomwe lifuna kukapimitsa BP ndipo lifuna womperekeza. Mwa njira imeneyi onse awiri apimidwa ndipo palibe amene wacita manyazi.

Msinkhu umenewu ndi wa kuyandikira kupuma pa nchito. Kuyambira mu 2015 zaka zopumira ndi 60, ngakhale kuti munthu angapume msanga pa 55 kapena kupitiriza kufikira 65. Mu 2023 lamulo linalola mamembala a NAPSA oyenerera kutengako magawo 20 pa 100 a ndalama zimene anasonkha asanapume. Ndalama zotere zikafika, mabwenzi acuruka mwadzidzidzi, ndipo ambiri a iwo ndi a pa botolo. Amene afunsa ngati nyumba yatha kufoleredwa, kapena ngati mankhwala a atate agulidwa, ndi amene ayenera kusungidwa.

Pa maliro

Tsiku limafika pamene kudwazika kutha. Maliro a m'tauni atenga masiku angapo ndipo adya ndalama zambiri: bokosi, galimoto zopita kumanda ku Chingwere kapena ku Leopards Hill, nkhuni, unga ndi ndiwo za anthu onse ogona pa nyumba ya maliro. Ofedwa sayenera kuphika kapena kuthamanga uku ndi uku. Amene atulutsa mipando panja, kukoleza moto ndi kugwira kabuku ka zopereka ndi anzao aja.

Dziko lino liri ndi mwambo wina umene unapangidwira nthawi yotere, ndiwo cimbuya. Angoni ndi Abemba, amene makolo ao anamenyana nkhondo kale Azungu asanayambe kulamulira, anasandutsa udani umenewo kukhala cinansi ca nthabwala, ndipo lero cafalikira kwa anthu a Kum'mawa ndi a Kumpoto onse. Wofufuza za cikhalidwe, J. Clyde Mitchell, analemba mu 1956 za m'mene mitundu ya anthu a ku migodi inali kuthandizirana pa maliro kudzera m'cinansi cotere, popeza anali kutali ndi kwao. Mpaka lero ambuya afika pa maliro, apaka ofedwa unga kumaso, awaseka, asonkhetsa ndalama ndi kugwira nchito zolemetsa. Mlendo angaone ngati cipongwe, koma wofedwa amene waseka koyamba patapita masiku atatu adziwa phindu lake.

Maliro akatha, anthu abalalika ndipo nyumba ikhala zii. Apa mpamene bwenzi lifunika koposa, makamaka kwa mai amene wataya mwamuna. Lamulo la 1989 lonena za cuma ca munthu womwalira wosasiya wilo ligawa motere: magawo 50 pa 100 kwa ana, 20 kwa mkazi kapena mwamuna wotsala, 20 kwa makolo ndi 10 kwa ena amene anali kudalira malemuyo. Mai wamasiye amene ali ndi cisoni alibe mphamvu yotsutsana ndi acibale ofuna kulanda katundu, koma mnzake wodziwa lamuloli angamperekeze ku ofesi ya apolisi ya Victim Support Unit.

Pamene ubwenzi ung'ambika

Kungakhale kunama kunena kuti maubwenzi onse apirira. Ambiri afera pa ndalama. Wina alandira cilimba coyamba, ndipo ikafika nthawi yosonkhera anzake foni yake siyankhidwa. Wina abwereka ndi misozi koma abweza ndi mkwiyo. Ena afera pa lilime: cinsinsi ca m'nyumba cimene munthu anauza mnzake usiku wa mabvuto cimveka pa mpopi wa madzi m'mawa mwake.

Pali ndi kutopa. M'gulu liri lonse muli mmodzi amene onse athamangira kwa iye, ndipo kawirikawiri palibe amene afunsa ngati iye ali bwino. Tsiku limene adwala ndi kuona kuti pakhomo pake palibe mapazi, mtima wake uzizira ndipo subwereranso.

Magulu amene akhala zaka zambiri ali ndi makhalidwe ofanana. Alemba ndalama iri yonse m'buku ngakhale akhulupirirana, popeza colembedwa sicikangana ndi munthu. Anena poyera ngati cinthu ndi mphatso kapena ngongole. Amene walephera kusonkha abwera yekha kudzafotokoza, osati kubisala. Ndiponso adziwa malire ao: bwenzi lingapereke nzeru, koma kusankha kumene kholo likaikidwe, kapena ngati licitidwe opaleshoni, ndi nkhani ya banja. Bwenzi lolowerera pa zotere lidzetsa cidani pakati pa mnzake ndi abale ake, ndipo mawa ilo lomwe ndilo lidzachulidwa woyambitsa.

Zimene bwenzi lingakumbutse

Mabwenzi sangalowe m'malo mwa cipatala kapena Boma, koma angakumbutsane za thandizo limene liripo. Kuyambira mu 2012 cithandizo ca pa makiliniki a Boma ndi caulere m'dziko lonse, motero palibe cifukwa cokhalira caka cathunthu osapimitsa BP ndi shuga. Pansi pa lamulo la 2018 la inshuwalansi ya zaumoyo, imene iyendetsedwa ndi bungwe la NHIMA, okalamba opitirira zaka 65 salipira, koma ayenera kulembetsedwa. Thandizo la ndalama la Social Cash Transfer, limene linayambira ku Kalomo mu 2003, lifika tsopano m'maboma onse, ndipo mabanja osauka okhala ndi okalamba ali pakati pa amene aganiziridwa. Zonsezi zifuna reji ya kholo, ndipo ndi bwino kudziwa kumene iri matenda asanabwere.

Bwenzi liyeneranso kudziwa zizindikiro zosafuna kucedwa. Pakamwa pakapotoka, dzanja kapena mwendo ukafooka mwadzidzidzi, kapena mau akayamba kusamveka, munthu ayenera kufika ku cipatala nthawi yomweyo, osayembekeza kuti kuce kapena kuti acibale onse amve.

Mai uja wa pa msika abwerako ku Katete patapita masabata atatu, wowonda ndi wotopa, amai ake ali pa mpando wa kutsogolo m'basi. Apeza thebulo lake liri ndi katundu, mwana wake sanalove kusukulu, ndipo kabuku kamuonetsa ndalama zonse zimene zinalowa ndi zimene zinagula tomato watsopano. Sayamika ndi mau ambiri, ndipo anzakewo sayembekeza zotero. Onse adziwa mau akale akuti mnzako akapsa ndevu mzimire, mawa adzazima zako. Mwa amai anaiwo, atatu akali ndi makolo kumudzi, ndipo ali yense agona foni iri pafupi ndi mutu.